Ngongole ija yatha lero

Abale anga ngongole ija yatha. M'mawa uno ndapereka ndalama yomaliza ku banki m'khonde, kutuluka panja miyendo kulobodoka, ndangokhala pa njerwa n'kumalira mpaka anthu kufunsa kuti kwagwanji.

Amene mumadya kwathu pa Kamuzu Road mukudziwa mmene zinalili. Ine makasitomala anga anali madalaivala a anthu a ma workshop, mabwana akamadya ku hotela ku Senga Bay iwo amathamangira kwa ine nsima ya chambo kuti alawansi itsaleko. Corona itangolowa mu 2020 misonkhano yonse zii, sukulu kutseka pa 23 Malichi, aphunzitsi anga odya pa ngongole aja nawonso osaoneka. Ndowa ya mpopi ndinagula, sopo, mabenchi kutalikitsa, koma wosamba m'manjayo ndani? Madzi amangofunda okha padzuwa. Januwale wa 2021 ndiye anandimaliza, nduna ziwiri kumwalira tsiku limodzi, 9 koloko usiku aliyense m'nyumba, ukangotsokomola utsi wa mbaula kasitomala amasiya nsima pambale n'kudzuka. Atsikana anga antchito awiri ndinawauza kuti apite kaye kumudzi, mawu amenewo mpaka lero amandiwawa.

Koma mayi anga a nsomba a ku Senga Bay, inu mayi inu! Si m'bale wanga, tinadziwana pa msika basi. Nditawauza kuti ndikutseka anandikalipira ngati mwana wawo, mawa lake wakabaza wafika ndi beseni la utaka ndi kampango awiri pamwamba, ndalama ati tidzaonana. Ndi iwowo anandiuza kuti anthu akuopa benchi osati nsima, apititsireni komwe ali. Ndinayamba kulongedza m'makontena, mnyamata wakabaza kumazungulira maofesi a paboma ndi mashopu 12 koloko ikakwana, ndalama kumalowa pa Airtel Money. Tsiku lina mbale zisanu, tsiku lina zitatu, koma moto sunazime. Kabuku kawo ka ngongole sindinakaonepo ndi tsiku limodzi lomwe, ndimachita kuwakumbutsa ndine. Mulungu wa kumwamba akukumbukireni mayi, ana anu asadzagone ndi njala.

Zikomo alandilodi podikira lendi osandiikira loko pachitseko. Amayi a banki m'khonde zikomo, ngakhale chiwongola dzanja chanu chimaluma kkkk. Amvano anzanga, mapemphero aja ndinawamva.

Enanu munkati mlamu tationjezeraniko ndiwo osalipira, foni yanga munkaiona ngati nayonso ili ndi corona. Maina sinditchula. Bwerani ndithu nsima ilipo, koma muzibwera ndi ndalama.

Mtsikana mmodzi anabwerera, winayo anakwatiwa ku Nkhotakota. Mayi anga a nsomba, Loweruka lino musaphike, mutu wa chambo ndikusungirani ndipo mukangotulutsa ndalama tiyambana.