Tsiku lomwe ndinamuukitsa Ace

Chabwino, poti nkhaniyi yayamba kale kuyenda ndipo ena mwayamba kundikuwa kuti "Mneneri" ndikamadutsa pa golosale, bola ndiinene ndekha, osati zija akuthira mchere anyamata a ku babashopu zoti ndinalira. Sindinalire. Linandilowa m'diso ndi tsitsi la munthu amene ankametedwa.

Nonse mukudziwa kuti ine ndi wa Naruto, ndipo mkangano wa Big Three, nkhani zitatu zojambula za ku Japan za Naruto, Bleach ndi One Piece, ukayamba ndimakhala ngati chitsa, sindisuntha. Kishimoto, mlembi wa Naruto, anayamba 1999, anamaliza 2014, machaputala 700, mabuku 72, mwana wamasiye uja mudzi wonse unkamusala anadzakhala Hokage, mtsogoleri wa mudziwo, basi tikagone. Bleach ndimaipatsa ulemu pa zovala, Kubo amajambula anthu ngati onse akupita ku ukwati wa mwana wa bwana, koma atangomugwira mdani wamkulu Aizen nkhani ija inasanduka nsima yopanda ndiwo, timangomeza poti tayamba kale. One Piece nde ndinali ndisanaonereko olo episodi imodzi koma zimenezo sizinandiletse kuinyoza kwa zaka. Chinthu chinayamba 1997, machaputala adutsa 1,100, anthu akwatira, abereka, ana awo alemba MSCE, Luffy mwini nkhaniyo adakali panyanja kusaka chuma chomwe mpaka lero sitinauzidwe kuti ndi chani.

Nde wometa wathu uja, mukumudziwa, wa One Piece mpaka m'mafupa, tsiku lina anandibaya pamaso pa anthu. Ati iwe aise usamalankhule za manga, mabuku a zithunzi omwe nkhanizi zimachokera, sunagwirepo buku la manga olo limodzi, umangoonera makatuni ake a anime pafoni ya ming'alu ija ndi ma filler ake omwe, zigawo zongowonjezera zomwe m'buku mulibe. Chowawa nchakuti ankanena zoona.

Patadutsa masabata awiri ndili ku Limbe ndinaona pa mavenda a mabuku a pansi aja, pakati pa Biology ya Form 3 ndi buku lophunzitsa kuweta nkhuku, One Piece buku 59, lachingerezi, lotha ngati ladutsa m'manja mwa sukulu yonse. Ndinagula osanenerera nkomwe mtengo. Mumtima ndinati lero lomwe ndiwerenga, Loweruka ndikamuphwanya munthu ndi umboni m'manja.

Usiku magetsi anathima, ndinayatsa tochi ya pafoni nkutsegula buku mmene aphunzitsi anga a Sitandade 1 anandiphunzitsira, chikuto kumanzere, masamba kupita kumanja. Apa ndiime kaye ndidziteteze. Ndamva pano kuti mabuku achingerezi a manga amakhala ndi tsamba kumbali imeneyo lokuchenjeza kuti bwana mwayambira kolakwika, tembenuzani. Langa linalibe. Wina anang'amba, kaya anakulungira mtedza kaya anayatsira mbaula, nde mlandu umenewo si wanga.

Ndipo nkhani inayamba bwinobwino! Ichi nchomwe anthu simukufuna kumva. Inayamba ndi ana, Luffy ali kamwana, mkulu wake Ace ali kamwana, ndi wina wachipewa chachitali dzina lake Sabo. Nkhani iliyonse yolongosoka imayamba ndi ubwana, nanga ine ndikanakayikira chani? Anawa akuyamba akugwirizana, kenako Luffy wamangidwa chingwe chimunthu china chikumuswa, kenako Ace akuyamba kumuthawa Luffy m'nkhalango, kumugubuduzira mtengo, mpaka kumulavulira. Ine nkumagwedeza mutu ndekha mumdima kuti eeh Oda mlembi wakeyu ndi dolo, akutionetsa mmene chibale chimathera pang'onopang'ono, ngati abale akamakanganirana munda wa malemu.

Zoti manambala a machaputala akutsika, 584, 583, 582, ndinaziona. Ndisaname, ndinaziona. Ndinangoti akuwerenga chobwerera ngati mmene amachitira pa 31 December kudikira chaka chatsopano, kuti kutsogoloku kuli chinachake chachikulu. Zoti mutu wa chaputala ukubwera chaputala chitatha ndinati ndi chikhalidwe cha ku Japan, amafuna uyambe waganiza wekha. Zoti anthu akuyankha funso lisanafunsidwe ndinati aJapani ndi anthu anzeru, si ndi omwe amapanga Toyota. Paliponse pomwe bukulo linkandikuwira kuti iwe chitsiru tembenuka, ine ndinali ndi yankho lokonzeka.

Kenako Luffy wakula, thupi lonse mabandeji, akuphwanya miyala ndi mitengo uku akulira, ndinati ndi zija anamulavulira zija zikumuwawabe. Kenako tafika pa nkhondo, koma nkhondo yake yachilendo, aliyense wangoima phee mwamtendere, pakati pawo pali mkulu wina watsitsi lofiira ndi zipsera zitatu padiso. Mkuluyu atangochoka pa masamba anga basi anthu anayamba kuphana. Ndinalemba pa kapepala kuti Shanks, mfiti yaikulu ya nkhaniyi, woyambitsa nkhondo. Shanks amene, yemwe pano ndikudziwa kuti anabwera kudzaletsa nkhondo ya Marineford ndipo ndi amene anamupatsa Luffy chipewa chija.

Whitebeard, kaputeni wa Ace, nde anandimaliza. Ndikumupeza gogoyu wafa choimirira, buku likuwerengera mabala ake, malupanga 267, zipolopolo 152, mizinga 46, theka la nkhope kulibe. Nditembenuza tsamba, akulankhula. Nditembenuzanso, akumenya anthu, nthaka ikung'ambika. Nditembenuzanso, nkhope yamera! Yonse, ndi ndevu zake zopindika ngati nthochi zija. Ndinaseka ndekha mpaka a neba anagogoda khoma.

Koma zonsezi zinali zokometsera chabe, chifukwa chaputala chomaliza changa, 574, ndi pomwe panali ntchito. Luffy wagwada, kukamwa yasa, maso ayera, ubongo wazima. Pansi pagona Ace, chibowo pamsana choti mwana atha kulowetsapo mutu, nkhope ikumwetulira, wafa ndithu. Ndinati pepani, nde mapeto ake amenewa. Nditsegula tsamba lotsatira, mtembo uja wadzuka wagwera m'manja mwa Luffy. Abale. Mtembo ukulankhula, ukuthokoza anthu, misozi mbwembwembwe. Pali kapepala kena kamene kamapsa moyo wa mwini wake ukamatha, kwa ine kanayamba kali phulusa nkumakula, nkumakula, ngati chigamba chikudzisoka chokha. Ndinayandikitsa tochi, ndinapukuta maso, ndinabwerera tsamba limodzi kuti nditsimikize, zomwe zikutanthauza kuti kwa sekondi imodzi yokha usiku umenewo ndinawerenga molondola, Ace anafanso, ine nkunena kuti ayi ndasokoneza, nkubwerera njira yanga yolakwika ija kukamuukitsanso. Ndinamupha nkumudzutsa katatu mnyamata ameneyu. Pofika tsamba lomaliza anali ali chilili pamaso pa mng'ono wake, chibakera cha chiphalaphala cha mdani wawo Akainu chili m'thupi koma munthu ali moyo, buku nkuthera pompo. Ndinatseka, ndinaika pachifuwa, batire ili pa 4%, ndinati ndamugwira wometa.

Loweruka ndinavala shati yoyera. Babashopu yodzaza, pabenchi anthu asanu, pampando pali bambo wina wamkulu wa mpingo akumetedwa kukonzekera mawa, wometa wamaliza mbali imodzi. Ndinakhosomola nkuyamba ndemanga yanga ngati ndili pa wailesi. Ndinati ma guys, tsopano ndawerenga manga, ndipo mndandanda uli motere. Dragon Ball ya malemu Toriyama ndi agogo a onse, machaputala 519, sitiyika pa mpikisano, agogo sapikisana ndi zidzukulu. Hunter x Hunter ikanakhala pamwamba koma Togashi amalemba ngati minibasi ya Lamulungu, umadikira osadziwa ngati ibwere. Nambala wani Naruto. Yachiwiri Bleach. One Piece yachitatu, ndipo chifukwa chake ndi chimodzi, Oda ndi wamantha, satha kupha munthu. Ku Naruto Jiraiya anafa nkukhala wakufa, anamira m'madzi sitinamuonenso. Koma uku munthu wabowoledwa pamimba ndi moto, walira, watsanzika, kenako wadzuka ngati palibe chachitika. Ndinati olo Ace amene mumamulira uja anauka.

Mashini anazima. Osati magetsi, wometa anazimitsa yekha.

Apa mpomwe nkhani inandipweteka ine, chifukwa ndinkayembekeza kuti andituka, koma munthu uja ananditembenukira ndi nkhope yomwe sindinaionepo, maso akunyezimira ngati mwana wamva kuti bambo ake abwera kuchokera ku Joni. Kunapezeka kuti anali atatsalira machaputala angapo chifukwa cha bandulo, nde anaganiza kuti Oda wachita zinthu iye asakudziwa. Anati, "Aise, ukunena zoona? Ace wabwerera? Chaputala chanji?" Mawu akunjenjemera. Bambo a mpingo aja ali pagalasi mutu theka, akutiyang'ana, nawonso anafunsa kuti kodi wauka ndani. Wina pabenchi anayamba kale kuimbira mnzake foni. Kwa mphindi ngati ziwiri ine ndinali munthu wofunika kwambiri mu Ndirande yense, ndipo ndinazimva kukoma, ndisakubisireni. Ndinati khalani pansi ndikuonetseni, nkusolola buku m'thumba pang'onopang'ono ngati loya.

Wometa atangoona chikuto nkhope inagwa. Buku 59. Mutu wa buku limeneli ukunena za imfa ya Ace, ine chikuto chimenecho ndinkachiyesa chakumbuyo nde sindinachilabadire. Koma sanalankhule iye. Amene anayankhula kanali kamwana ka Sitandade 6 kamene kanali pamzere kudikira kumetedwa mpala, kanatenga buku m'manja mwanga, kanaliyang'ana mmene ndaligwirira, kanalitembenuza mwaulemu ndi manja awiri nkundibwezera.

"Ankolo, mumayambira uku. Amawerenga kuchokera kumanja."

Chete amene anagwa mmenemo, munthu ukanamva nsabwe ikuyenda. Kenako bambo a mpingo aja ndi amene anayamba, kuseka mpaka nsalu yometera inagwa, ati nde mwana wanga iwe wawerenga Chivumbulutso nkumalizira Genesis. Pabenchi anthu anagwerana. Wina anatuluka panja kukaitana anthu odutsa, anthu oti One Piece sakuidziwa nkomwe, kuti bwerani mudzaone munthu woukitsa akufa. Wometa yekha sanaseke. Anakhala pa kampando kake, anagwira mutu, nkunena chapansipansi kuti, "Wandiphera Ace kawiri iwe." Kenako anafunsa zomwe ndinalemba pa kapepala kaja, poti kanali kakusuzumira m'buku, nkuwerenga mokweza zoti Shanks ndi mfiti, apo nde olo kamwana kaja kanasiya ulemu.

Tsopano ndimvereni, chifukwa pali mbali yomwe anyamatawa akuidumpha akamafotokoza. Kodi maganizo anga anali opusa kwenikweni? M'nkhani zimenezi anthu amauka tsiku ndi tsiku. Krillin wafa kangati ku Dragon Ball nkubwerera ndi timipira tija? Ku Naruto kwanga komwe, Nagato anapha anthu a ku Konoha, Kakashi yemwe, kenako Naruto atamulalikira anawadzutsa onse, osanenanso za Edo Tensei yomwe inabweretsa manda onse ku nkhondo. Ku One Piece komweko andiuza okha kuti Pell ananyamula bomba ku Alabasta nkuuluka nalo, linaphulika, anthu anamuikira mwala pamanda, munthu nkutulukira ali bwinobwino. Sabo yemwe uja ankamuyesa wakufa anadzapezeka ku Dressrosa wamkulu ali ndi chipewa chake. Ndiye pa anthu onsewa, ine kulakwa kwanga nkwakuti ndinasankha munthu mmodzi yekhayo amene Oda anamuphadi. Ndi tsoka chabe limenelo. Mfundo yanga inali yolondola, chitsanzo ndi chomwe chinandigwetsa, ndipo kunena zoona Jiraiya ndimamutchulabe.

Komanso palibe anandiuzapo. Zaka zonsezi tikukangana za mphamvu za m'nkhanizi, Bankai ndi Sharingan ndi Haki, palibe olo mmodzi ananenapo kuti aise, Chijapani amalemba mizere yotsika kuyambira kumanja nde mabuku awo amatsegukira uko. Aliyense ankangoti aliyense akudziwa.

Madzulo ake ndinaliwerenganso mmene kanandiuzira kamwana kaja, kumanja kupita kumanzere, bokosi la pamwamba kumanja kaye. Ace anafa m'masamba oyambirira enieni ndipo sanadzukenso, Whitebeard nkhope sinamere, Shanks ndi munthu wabwino, ndipo ubwana uja umabwera pambuyo Luffy ataferedwa kale, nde ukamaona kamwana kakuthamangira mkulu wake m'nkhalango tsiku ndi tsiku osatopa, iwe ukudziwa kale komwe zikathere. Chinthu chija chimapweteka. Tsitsi lija linandilowanso m'diso, kunyumba, komwe kulibe wometa.

Sindinasinthe mndandanda wanga, Naruto ikadali pamwamba, ngakhale Kaguya, mdani wakumapeto uja, mpaka lero sindikudziwa anachokera kuti. Koma yanga ija inali ndi mathero abwino kuposa ya Oda, zimenezo nde sindibweza. Wometa sakundilankhulabe bwinobwino, dzana wandimeta mwakachetechete nkundisiyira mzere wokhota kumanja, ati ndiyambire komweko poziyang'ana pagalasi.

Wina akaona buku 60 ku Limbe andiuze. Likhale ndi masamba onse.