Ulendo wathu wa ku Llyn Bochlwyd

Loweruka lapitali, ife a m'gulu la Amalawi okhala ku Manchester tinakakwera mapiri a kumpoto kwa Wales. Minibasi tinaisiya pa Ogwen, m'mbali mwa msewu wa A5, n'kuuyamba wapansi.

Pa Llyn Idwal tinafika thukuta lisanatuluke. Kanyanjaka kali m'chigwa chooneka ngati mtondo, ndipo anasema mtondowo ndi madzi oundana. Zaka zoposa 10,000 zapitazo, chiphiri cha ayezi chinkatsetsereka pang'onopang'ono, chikupala thanthwe, ndipo chitasungunuka madzi anatsala m'dzenjemo. Miyala ina tinaisisita ndi manja, yosalala ngati mphero, ya mizere yoloza kumunsi. Wasayansi Charles Darwin anadutsa pomwepa mu 1831 osazindikira kanthu, anadzaiona nkhani ya ayeziyi atabweranso mu 1842. Dzina la Idwal akuti ndi la mwana wa mfumu Owain Gwynedd, ndipo nthano imati mwanayo anamizidwa m'madzimo.

Chitunda chopita ku Llyn Bochlwyd ndiye chinatilemetsa miyendo. Amayi ena anakhala pamwala n'kunena kuti, "Achimwene, Mulanje ndinamusiya dala, ndiye mwandibweretsera wina kuno?" Koma anafika ndithu, mamita oposa 500 m'mwamba, kunsi kwa mapiri a Tryfan ndi Glyder Fach.

Kanyanja kameneka alendo anakapatsa dzina loti Lake Australia, poti ukakaonera pamwamba kamafanana ndi mapu a dzikolo. Kufananako kulipo, sindikana. Koma eni nthaka ankati Bochlwyd kalekale, kutanthauza tsaya lotuwa. Nthano yake ndi ya mbawala yaimuna yokalamba imene inathawa alenje n'kudziponya m'madzi, nkumasambira tsaya lake lotuwalo lili pamtunda. Mu 2023 oyang'anira paki ya Eryri, momwe muli mapiriwa, anagwirizana zoti nyanja za m'pakimo zizitchulidwa ndi mayina a Chiwelishi basi. Ine ndikuti anachita bwino. Ife tomwe sitiiwala kuti Livingstone atafika pa nyanja yathu mu 1859, mawu a Chiyao ongotanthauza nyanja ndi amene anasanduka dzina loti Nyasa pa mapu.

Vuto linali kulitchula dzinalo. Bambo wina wa komweko, amene anali ndi galu wake, anatibwerezera katatu, "ch" wake akuchokera kukhosi ngati munthu wotsamwa ndi munga wa usipa. Tinayesa mmodzimmodzi, iye akungopukusa mutu uku akuseka. Amene anakhoza ndi mwana wa zaka 9, wobadwira konkuno, ndipo mandasi otsala onse anapita kwa iyeyo.