Kope langa la ku Catterick

Tinafika ku Catterick Garrison kumayambiriro kwa Novembala, ine ndi ana awiri, kudzapeza bambo awo amene anali atatha kale zaka zingapo ali msilikali wa dziko la Britain. Amalawi olowa usilikali kuno alipo ndithu, popeza dziko lathu lili mu Commonwealth. Kampu imeneyi ili kumpoto kwa England, m'chigawo cha North Yorkshire, ndipo ndiyo yaikulu kuposa makampu onse a asilikali a Britain. Koma ine choyamba kundifika pamtima unali mdima. Pofika Disembala dzuwa linkalowa folo koloko isanakwane, ana atangoweruka kumene kusukulu, ndipo thupi linkandiuza kuti nditeleke nsima ya madzulo pamene wotchi ikuti akadali masana.

Nyumba za mabanja a asilikali kuno n'zofanana mzere wonse ngati kumalaini kwathu, kungoti zitseko zimakhala chitsekere tsiku lonse. Palibe woti odi kudzapempha mchere. Zovala ukazichapa sizimauma panja, umaziyanika pafupi ndi hita. Zinyalala zili ndi mabini ake osiyanasiyana ndi masiku ake otulutsira, ndipo ndinachita kumata kalendala yake pafiriji. Mthiko ndi chipande ndinabwera nazo m'sutikesi, koma ufa woyera ndinkachita kuukwerera basi mpaka ku Darlington, kusitolo ina yogulitsa zakudya za ku Africa ndi ku Asia. Bambo a kunyumba akachoka masabata angapo ku maphunziro a kutchire, anthu aakulu amene ndinkalankhula nawo anali aphunzitsi a ana pageti, ndi amayi anga pafoni.

Amene anandiika pasukulu ndi mayi wina wa ku Fiji, woyandikana naye nyumba, amene amuna awo alinso asilikali. Tsiku lina tikuchokera kokasiya ana anandifunsa ngati ndinayamba kuwerengera mayeso otchedwa Life in the UK, amene munthu amalemba asanapemphe chilolezo chokhazikika m'dziko muno. Ndinati nthawi ikadalipo yambiri. Iwo anati ndilembe msanga pamene manja ali omasuka, chifukwa ukakhoza sudzalembanso. Mafunso ndi 24, nthawi ndi mphindi 45, umayankha pakompyuta posankha yankho, ndipo uyenera kukhoza 18 kapena kuposa. Malipiro ndi mapaundi 50, ndipo ukalephera umalipiranso. Madzulo omwewo anandigogodera, n'kundipatsa buku lawo lokhala ndi makona opindapinda.

Ndinaliwerenga momwe ndinkawerengera pokonzekera MSCE. Ndinagula kope, ndinkadzuka folo koloko m'mawa ana ali mtulo, n'kumakopera zaka mondondoza. 1066, nkhondo ya ku Hastings. 1215, Magna Carta. 1348, mliri umene unapha pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse. 1588, zombo za Spain. 1948, chiyambi cha NHS, zipatala za boma za kuno. Akazi asanu ndi mmodzi a Henry VIII, atatu mwa iwo dzina lawo Catherine. Usiku ndinkaloweza bwinobwino, kukacha zonse zasakanikirana ngati nyemba ndi nandolo m'lichero limodzi. Pa mayeso oyeserera a pafoni ndinkangozungulira pa 13 ndi 14, osasuntha kwa mwezi wathunthu.

Ndinadzifunsa chifukwa chake mbiri ya kwathu inkandilowa mosavuta. Aphunzitsi akatchula Mbombwe, ndinkadziwa kuti ndi ku Chiradzulu, ndipo phirilo ndinkaliona m'maganizo. Akatchula Karonga, ndinkadziwa kutentha kwa kunyanja. Mayina a m'buku lino analibe nthaka pansi pake. Ndinkaloweza malo amene phazi langa silinapondepo.

Loweruka lina bambo atapeza mpata tinapita ku Richmond, tauni yakale imene ili makilomita ngati asanu kuchokera pakampu. Ndinali nditadutsapo kangapo pabasi ya ufa ija, maso ali pawindo koma osaona kanthu. Pamwamba pa phompho loyang'ana mtsinje wa Swale pali linga la miyala, ndipo nsanja yake ndi yaitali mamita 30. Tinakwera masitepe mpaka pamwamba, wamng'ono atandigwira chovala, mphepo ikutimenya kumaso. Pansi tinkaona msika wonse, madenga a nyumba, ndi nkhosa zambirimbiri m'minda yotchingidwa ndi miyala. Pachikwangwani panalembedwa kuti lingali analiyamba mu 1071 ndi Alan Rufus, mmodzi mwa anthu amene anawoloka nyanja limodzi ndi William wa ku Normandy, amene anapambana nkhondo ya ku Hastings n'kukhala mfumu ya England. Ndinawerengera pazala: zaka zisanu chichitikire Hastings. Anthu a kumpoto kuno anakana ufumu wa William, ndipo iye m'nyengo yozizira ya 1069 mpaka 1070 anatentha midzi ndi nkhokwe, n'kupha ziweto, anthu ochuluka n'kufa ndi njala. Kenako malowo anawagawira anthu ake kuti amange malinga olondera otsalawo.

Njala sindichita kuiwerenga m'buku. Ndinali mwana mu 2002, ndipo ndikukumbukira anthu akusinja zitsa za nthochi ndi kufola mzere kufuna gaga. Nditaima pansanja paja ndinaona alimi a m'chigwa chimenechi akuyang'ana nkhokwe zawo zikunyeka, chisanu chili pakhomo. Kuchokera tsiku limenelo 1066 sinandithawenso.

Koma chimene chinandikhala kwambiri chili pansi, pafupi ndi chipata. Pali kanyumba ka zitolokosi kumene mu 1916 ankatsekerako amuna okana kupita kunkhondo chifukwa cha chikumbumtima, ambiri a iwo pa zifukwa za chipembedzo. Chaka chimenecho boma linali litakhazikitsa lamulo lokakamiza amuna kulowa usilikali. Pamakoma opakidwa laimu akaidi analembapo ndi pensulo mavesi, nyimbo za m'tchalitchi, masiku, mayina a kwawo. Zolembazo n'zosalimba, choncho ife tinaona zithunzi zake m'chipinda cha chionetsero. Mphunzitsi wina, Bert Brocklesby, anajambula nkhope ya mtsikana amene anamutomera, ndipo tsitsi lake likuonekabe mzere ndi mzere. Iye anali mmodzi mwa amuna 16 amene mu Meyi chaka chomwecho anawatengera ku France, kumene kukana lamulo la mkulu wa asilikali kukanatha kuphetsa munthu. Pafupifupi onse anakanabe. Anawaweruza kuti aphedwe, kenako chilangocho anachisintha kukhala zaka 10 za ukaidi wa kalavulagaga.

Bambo a kunyumba anaima nthawi yaitali pamenepo manja ali kumbuyo, osanena kanthu. Ine maganizo anathamangira kwa John Chilembwe, amene chakumapeto kwa 1914, nkhondo itangochitika ku Karonga, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda osauka akukafera nkhondo yosakhala yawo, n'kusiya amasiye. Njira zawo zinasiyana, pakuti Chilembwe mu Januwale 1915 anadzatenga zida pamene a ku Richmond anakana kugwira mfuti, koma funso limene linkawavutitsa linali limodzi. Ndine mkazi wa msilikali, yunifolomu ya amuna anga ndimainyadira, ndipo ndimadziwa chimene amapereka akachoka pakhomo. Komabe amuna aja ndinawapatsa ulemu ndi mtima wonse, ndipo sindikuona kuti ziwirizi zikulimbana.

Buku la mayeso limanena m'chiganizo chimodzi kuti amuna a ku Africa nawonso anamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ndikumvetsa kuti buku laling'ono silinganyamule zonse, koma chiganizo chimenecho chinandichepera. M'kati mwake muli asilikali a King's African Rifles amene mayina awo ali pachipilala cha ku Zomba, ndi atengatenga osawerengeka amene anasenza katundu wankhondo pamutu mpaka kufera m'njira. Usiku umenewo ndinasintha kalembedwe ka kope langa. Tsamba la kumanzere ndinkalemba za m'buku, la kumanja za kwathu kapena zimene ndaona ndi maso. Moyang'anizana ndi 1914 ndinalemba Karonga. Moyang'anizana ndi 1953, chaka chimene Elizabeth II anavekedwa ufumu, ndinalemba Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mayeso oyeserera anakwera kufika 17, kenako 20.

Masiku atayamba kutalika tinapita kukaona khoma la Hadrian, limene Aroma anayamba kumanga m'chaka cha 122, lotalika makilomita 117 kuchokera kugombe lina kukafika kulinzake. Ana anasangalala ndi zimbudzi za asilikali za ku Housesteads, zimene zikuonekabe ndi ngalande zake. Ine ndinakodwa ku Vindolanda, kampu ina ya asilikali a Aroma pafupi ndi khomalo. Kumeneko, kuyambira 1973, ofukula zakale akhala akupeza timatabwa topyapyala tolembedwa ndi inki, timene dothi lonyowa linatisunga kwa zaka pafupifupi 1,900. Asilikali a pakampu imeneyo sanali a ku Roma kwenikweni. Ambiri anachokera kumadera amene lero ndi Netherlands ndi Belgium, alendo otumikira ufumu wa eni, monga ife. Kalata ina ikunena za phukusi limene msilikali anatumiziridwa, la masokosi, nsapato ndi zovala za m'kati. Ndinali nditangotumiza masokosi kwa amuna anga mwezi wa m'mbuyo mwake.

Ina ndi ya Claudia Severa, mkazi wa mkulu wa asilikali pakampu ina, yolembera Sulpicia Lepidina, mkazi wa mkulu wa pa Vindolanda, cha m'ma 100. Akumuitana ku phwando la tsiku lake lobadwa pa 11 Seputembala, ndipo akuti tsikulo lidzakoma kwambiri iye akabwera. Mbali yaikulu inalembedwa ndi mlembi waluso, koma kumunsi kuli timizere ta dzanja lina, losazolowera kwenikweni, la Severa mwiniwake, pamene akumutcha mnzakeyo mchemwali. Ndi chimodzi mwa zolemba zakale kwambiri za Chilatini zodziwika kuti zinalembedwa ndi dzanja la mkazi. Ndinawerenga kumasulira kwake kawiri, misozi ikulengeza. Mayi ameneyu ankakhala m'mphepo yomweyi, amuna ake ali ku ntchito, kwawo kuli kutali, ndipo ankangofuna mnzake woti amuchezere.

Mayeso ndinalemba mu Juni. Pakhomo anaona chiphaso changa, foni ndi chikwama n'kuzitsekera m'kabati, ndipo ndinakhala pakompyuta manja akunjenjemera. Mafunso ena anali a zinthu zimene ndinangoloweza basi, monga oyera mtima oyang'anira England, Scotland, Wales ndi Northern Ireland ndi masiku awo, ndipo kuloweza kuja kunandithandiza, sindingakunyoze. Koma pamene ndinkayankha za Aroma ndi za William, ndinkamva mphepo ya pansanja ija. Ndinakhoza. Woyamba kumuimbira anali mayi wa ku Fiji uja, ndipo anafuula pafoni mpaka anthu a pamalo okwerera basi anatembenuka.

Tsiku langa lobadwa lili mu Ogasiti. Ndinang'amba mapepala atatu kumapeto kwa kope, ndinalemba ndi dzanja, n'kukawalowetsa pazitseko za anzanga a mumzere wathu: wa ku Fiji, wa ku Nepal amene amuna ake ndi a gulu la Gurkha, ndi mtsikana wina wa ku Scotland wa mwana wakhanda amene ndinkangomuona pawindo. Onse anabwera. Ndinaphika nsima, nkhuku, nyemba ndi masamba otendera, ndinawathirira madzi m'manja mmodzimmodzi, ndipo tinadya mpaka naini koloko kunja kukadali kowala. Potsanzikana mayi wa ku Nepal anatenga kope lija patebulo n'kulitsegula, nandifunsa chifukwa chake masamba a kumanja ali ndi mayina amene sanawaone m'buku. Nditamufotokozera anapempha kuti tiziwerengera limodzi Lachitatu lililonse ana akapita kusukulu. Wagula kope lake, ndipo tsamba lake loyamba la kumanja walemba m'zilembo za kwawo.