Loweruka: foni yanga m'manja mwa mwana

Ndadzuka 5 koloko kuti nditunge madzi asanasiye kutuluka pampopi. Loweruka ndi tsiku langa lochapa kuno ku Area 25, ndipo zovala zinali zitadzaza mabeseni awiri. Mwana wanga, wa zaka 2 ndi miyezi 4, anadzuka ndikuviika zovala n'kuyamba kundikoka chitenje. Ndinachita zomwe ndakhala ndikuchita miyezi yonseyi: kumukhazika pamkeka pakhonde, kumutsegulira nyimbo ya ana pa YouTube, n'kumusiyira foni.

Panapita mphindi ngati 40 ali zii. Nditabwera ndi phala ndinapeza nyimbo ija inatha kalekale. Pafoni panali katuni wina amene sindinasankhe ine: tizidole tokongola ngati ta ana, koma kena kakumenya kanzake ndi chitsulo, kenako kukabaya jakisoni pamimba, kumbuyo kukulira kanyimbo kansangala. Mwana maso ali tong'o, kukamwa kuli yasa, phala osaliona n'komwe. Nditamulanda foni anadzigwetsa pansi, kulira mpaka mayi a nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda. Koma chomwe chinandilasa mtima chinabwera cha m'ma 11. Ndinamupeza kuseri kwa chitseko atagwira supuni, akubaya chidole chake pamimba, kenako n'kuchimenyetsa pansi. Ndinangoima ndi sopo m'manja.

Kanema mmodzi akatha, YouTube imayambitsa yokha wina ngati sunazimitse autoplay. Amene amasankha wotsatirayo si munthu wodziwa mwana wanga, ndi kompyuta yomwe imangotsata zomwe anthu amaonera nthawi yaitali. Ine ndinasankha kanema woyamba yekha, enawo ndinali kuchapa.

Masana ndinamubereka n'kukwera minibasi kupita ku Kawale kwa alamu anga, amene amaphunzitsa pasukulu ya mkaka. Nditawafotokozera sanandidzudzule. Anati bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linatulutsa malangizo mu 2019: mwana wosakwana zaka 2 asamakhazikidwe pafoni kapena pa TV, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku, kuchepera apo n'kwabwino koposa. Malangizo omwewo amati mwana wa msinkhu umenewu azithamangathamanga ndi kusewera mphindi 180 patsiku. Nditawerengera za kwathu, m'mawa pochapa, masana pophika, madzulo pa TV, ndinapeza kuti wanga amapitirira maola atatu ali pagalasi.

"Alamu," anatero, "ola limodzilo musalitenge ngati chilolezo. Funso ndi lakuti akuonera chiyani, ndipo ali ndi ndani."

Anatenga foni yanga n'kutsegula nyimbo yomwe ndimamuikira ija, n'kundiuza kuti ndiwerenge chala nthawi iliyonse chithunzi chikasintha. Ndisanathe mpweya umodzi zala zinatha. Mitundu yothwanima, kamera ikuzungulira, phokoso losalekeza. Kenako anandionetsa Akili and Me, katuni wa bungwe la Ubongo la ku Tanzania, wokonzedwera ana a zaka 3 mpaka 6. Kamtsikana kake n'kofanana ndi ana athu, ndipo kamafunsa funso n'kudikira kuti woonerayo ayankhe. Anati wanga akadali wamng'ono pang'ono, choncho ngati ndikumuonetsa ndizikhala naye pambali, ndiziloza, ndizimufunsa kuti "uyu ndani?", ndipo tikazimitsa tizikawerenga timiyala kapena tomato panja. Muyeso wawo ndi umodzi, ndipo ndaukonda: uyambe waonera wekha kanemayo mpaka kumapeto, udzifunse ngati ungasangalale mwana atachita zomwezo mawa pamaso pa alendo.

Pali chinthu chimene ambirife sitinena poyera. Timapereka foni poganiza kuti mwana aphunzira Chingerezi msanga, ndipo timanyada akatchula mitundu kapena kuimba zilembo alendo akabwera. Wanga amaimba mpaka kumapeto. Koma akafuna madzi amangoloza ndowa n'kulira. Mawu amene amamuthandiza pamoyo wake, "ndikufuna", "zikomo", "chapweteka", sanawatole pafoni. Ochepa amene ali nawowo anawamva kwa ine pomusambitsa, kwa agogo ake, kwa ana anzake pamasanje. Mwana wotere amaphunzira kulankhula kwa munthu amene akumuyang'ana kumaso n'kumuyankha, ndipo foni siyankha. Pobwerera m'minibasi sindinamupatse. Tinawerenga njinga za kabaza pawindo, iye akuti "ina! ina!" mpaka anagona tisanafike pa Area 18.

Madzulo ndinakhala pansi ndi foniyo. Ndinazimitsa autoplay, ndinaika YouTube Kids yomwe ili ndi kawotchi kotseka yokha nthawi ikakwana, ndinaitchera mphindi 20. Ndinaonera ndekha makanema asanu ndi limodzi, ndinasunga atatu mufoni kuti aziseweredwa intaneti itazimitsidwa. Bandulo nayo ipumako. Kuyankhulana pa WhatsApp ndi amalume ake a ku Johannesburg ndakusiya, chifukwa pamenepo pali munthu amene amamutchula dzina n'kumuseketsa.

Nkhani yovuta inali ya TV ya pabalaza. Bambo ake amakonda mafilimu a ndewu omasuliridwa m'Chichewa aja, ndipo amalira nthawi ya nsima. Nditawauza anati, "Mayi ake, uyu ndi mwana, sakumvapo kanthu." Ndinapita kukatenga chidole chija ndi supuni, n'kuwaonetsa mmene ndinamupezera. Anakhala chete, kenako anafunsa kuti amagona nthawi yanji. Tagwirizana kuti filimu izidikira mpaka iye atagona.

Pogona anafunafuna foni pansi pa pilo, analira mphindi khumi kapena kuposa. Ndinamuyambira nthano ya kalulu ndi njovu, ndikumuphunzitsa kuyankha "tilitonse". Amati "titonse". Anagona kalulu asanafike pachitsime.

Foni ili pamwamba pa kabati. Lolemba ndisanapite kuntchito ndiyenera kukhala pansi ndi mtsikana amene amatsala naye, chifukwa nayenso ali ndi foni yake, ndipo ndiye amakhala naye maola ambiri kuposa ine.