Nyimbo imodzi pa zimbale ziwiri: momwe power pop inandilowera m'khutu

Tsopano ndamva chimene anzanga okonda power pop, chamba cha rock chosakaniza magitala amphamvu ndi chuni chokoma, akhala akunena, ndipo mtima wakhala pansi. Nkhaniyi inandizunguza mutu kwa nthawi yaitali. Kukonda nyimbozi ndinkazikonda ndithu, koma munthu akandifunsa kuti chimalumikiza mabandi a Badfinger, Cheap Trick ndi Teenage Fanclub n'chiyani, ndinkangoti kukamwa yasa. Ena amayankha mwachidule kuti onsewo ndi ana a Beatles, ngati kuti atero nkhani yatha. Nanga ndi bandi iti ya magitala imene sinayamweko kwa Beatles?

Sinditaya nthawi ndi zoti Pete Townshend wa The Who ndiye anatchula dzina la chambachi mu 1967, kapena za gitala ya Rickenbacker ya zingwe 12 imene inkalira mu nyimbo za The Byrds. Inu amene mumagawana zimbalezi mukuzidziwa kale zimenezo. Mbiri ndinali nayo m'mutu, khutu ndi limene linali lisanatseguke.

Chinalitsegula ndi nyimbo imodzi ya Cheap Trick, "I Want You to Want Me", imene ili pa zimbale ziwiri. Koyamba inatuluka pa In Color mu 1977, yojambulidwa mu situdiyo. Kenako ili pa Cheap Trick at Budokan, chimbale chimene anajambula akuimba pamaso pa anthu ku Tokyo mu 1978. Mnzanga wina ananditumizira zonse ziwiri ndi lamulo limodzi: "Usamvere chimbale chonse. Yamba iyi, ikangotha ika inayo, osapumira pakati."

Ya mu situdiyo ndi yopepuka. Muli piyano yodumphadumpha, magitala abwerera kumbuyo, ndipo Robin Zander akuimba mofewa, mwaulemu. Munthu akupempha kuti akondedwe, ndipo zida zomuperekeza zikupempha naye limodzi. Zonse zikugwirizana, n'chifukwa chake nyimboyo imangodutsa osakugwira pena paliponse. Ikani ya ku Budokan. Bun E. Carlos akuitsegula ndi ng'oma, liwiro lakwera, pamene panali piyano paja tsopano pali gitala ya Rick Nielsen ikukalipa, ndipo khamu la anthu likukuwa n'kumayankha mizere ina. Mawu a nyimbo sanasinthe ngakhale limodzi. Chuni ndi chomwecho. Wopempha uja akupemphabe, koma bandi imene ili kumbuyo kwake ikumveka ngati ya anthu osasowa kanthu.

Pamenepo ndi pamene ndinati eya, ndi zimenezi. Zida zikudzitama, liwu likudandaula, ndipo palibe chimene chikugonjera chinzake. Zili ngati munthu amene wafika pakhomo ndi galimoto yaphokoso, nyali zonse zikuwala, koma pogogoda dzanja likunjenjemera. Ukachotsa phokosolo watsala ndi nyimbo yachikondi wamba. Ukachotsa kunjenjemerako watsala ndi rock yodzikweza imene ili mbwee paliponse. Power pop imakhala pamene ziwirizo zikukokana, ndipo anthu ogula anazimva zimenezi osauzidwa: ya mu situdiyo sinapite patali ku America, pamene ya ku Budokan inalowa m'gulu la nyimbo 10 zapamwamba mu 1979.

Nditangogwira zimenezi ndinabwerera ku zimbale zimene ndinkaganiza kuti ndazimaliza. "Go All the Way" ya Raspberries, anyamata a ku Cleveland aja, ya 1972, ili ndi mbali zonse ziwiri mu nyimbo imodzi, ndipo siibisa n'komwe. Imayamba ndi gitala ya Wally Bryson, yolemera ngati ya The Who, ndipo umakonzekera kuti woimba abwera akukuwa. Eric Carmen akalowa, akulowa motsitsa, pafupifupi mwamanyazi, ndipo pofika pa kolasi mawu aunjikana mosalala monga a Beach Boys. Kenako gitala ija ikubweranso. Kale ndinkamva ngati ndi nyimbo ziwiri zosokedwa pamodzi. Lero ndikuona kuti msokowo ndiye nyimboyo.

Ndinayesanso kuchokera mbali inayo. "Without You" analemba ndi Pete Ham ndi Tom Evans a Badfinger, ndipo ili pa No Dice cha 1970. Harry Nilsson anaijambulanso mu 1971 ndi piyano ndi mavayolini, n'kufika nayo pa nambala wani ku Britain ndi ku America. Ya Nilsson ndi yaikulu, liwu lake limakwera mpaka tsitsi kuima, koma chilichonse mmenemo chikulira naye. Palibe chomutsutsa. Ya Badfinger ndi yosasalala, ikumveka kuti ndi anyamata anayi ndi zida zawo, ndipo ngakhale siili yaphokoso kwenikweni, uli pa chimbale chomwecho umapeza "No Matter What", pamene gitala yokhuthala ikukankha mawu ofewa aja kuchokera kumbuyo. Mukafuna kumva malire a chambachi, imani pakati pa nyimbo zitatu zimenezi.

Ndiye njira yanga tsopano ndi yomvera ziwiriziwiri, ndipo ndinena mosabisa kuti sindikuona ina yoposa. Khutu silidziwa kulongosola chinthu chili chokha, limadziwa kusiyanitsa. Mupatseni munthu chimbale chimodzi, akuuzani kuti n'chabwino kapena ayi, basi. Mupatseni ziwiri zoyandikana zimene zasiyana pa chinthu chimodzi chokha, chinthucho achitola yekha. Ndikukhulupirira kuti mungaphunzitse aliyense chamba chilichonse mwanjira imeneyi, ngakhale amene sanagwirepo gitala, ndipo mabuku onse ofotokoza nyimbo akanangokhala mndandanda wa ziwiriziwiri bwenzi ambirife titamva kalekale.

Tengani bandi ya Big Star. Aliyense amakuuza kuti yamba ndi Big Star, ndipo sanama, koma sakuuza kuti uzimvera chiyani. Ikani #1 Record cha 1972 pambali pa Radio City cha 1974. Situdiyo ndi imodzi, ya Ardent ku Memphis. Alex Chilton, Andy Hummel ndi Jody Stephens alipo konse kuwiri. Amene wasowa pa chachiwiricho ndi Chris Bell, yemwe anachoka chimbale choyamba chitalephera kugulidwa, ngakhale olemba za nyimbo anachitamanda, chifukwa kampani ya zimbale ya Stax imene inkayenera kuchifalitsa sinachifikitse bwino m'masitolo. Pa #1 Record zonse n'zopsepsedwa, mawu awiri akuyenda limodzi, magitala akunyezimira. Pa Radio City zinthu zamasuka, ng'oma zili patsogolo, gitala ya Chilton yathwa, ndipo nthawi zina umaopa kuti nyimbo igwa isanathe. Chingwe chokokana chija chilipobe, kungoti chakokeredwa mbali ina. Ndikamvera "September Gurls" ya pa Radio City tsopano ndimamva gitala yowala kwambiri itanyamula liwu la munthu amene wagonja kale, zonsezo m'mphindi zosakwana zitatu. Mukamaliza ziwirizi ikani Bandwagonesque cha Teenage Fanclub a ku Scotland, cha 1991, chimene magazini ya Spin inachisankha kukhala chimbale cha chaka patsogolo pa Nevermind cha Nirvana. Simufunikanso wina wokuuzani kumene anyamatawo anaphunzira.

Koma chimene chimandiimira kwambiri ndi chimbale cha Girlfriend cha Matthew Sweet, nachonso cha 1991. Sweet analemba nyimbozo banja lake litatha. Liwu lake ndi lofewa, ndipo amaliunjika kangapo mpaka kumveka ngati gulu la anthu aulemu. Ndiye anaitana Richard Lloyd wa bandi ya Television ndi Robert Quine, anthu ochokera ku punk ya ku New York, kuti adzaimbe magitala. Awiriwa saperekeza nyimbo, amaikanda. Mverani "Divine Intervention" imene imatsegula chimbalecho, ndipo ikani khutu pa gitala yokha. Ikupita kwake, ikupindika, ikukwiya, pamene mawu pamwamba pake akuyenda mwadongosolo ngati sakuimva. Chimbale chimenechi ndinkachimvera ndikugwira ntchito zina. Tsopano sizitheka, chimandiimitsa.

Apa mundilole ndidandauleko. Akuluakulu a chambachi, amene ali ndi zimbale zodzaza mashelefu, ndi anthu abwino mtima koma kuphunzitsa sadziwa. Uwafunse poyambira, akukhuthulira mndandanda wautali: Shoes, The Records, Dwight Twilley, 20/20, The Posies, Jellyfish, Sloan, ndi ena amene chimbale chawo chinatuluka kamodzi n'kusowa. Pa dzina lililonse palibe chiganizo ngakhale chimodzi chokuuza kuti khutu ulilozetse pati. Ukabwerera n'kunena kuti chakuti sichinandigwire, yankho ndi lakuti mveranso. Ndimverenso chiyani? Ena mpikisano wawo ndi wotchula bandi imene mnzawo sanaimvepo, ndipo wophunzirawe umangokhala woonerera.

Mphunzitsi wanga wa gitala nayenso anandibweza m'mbuyo. Nditamutengera nyimbo zoterezi anangoseka, ati izi ndi za makodi atatu, sabata imodzi mwazitha. Makodiwo ndinawagwiradi, koma zimene zinkatuluka sizinkamveka ngati nyimbozo, ndipo iye sanathe kundiuza chifukwa chake. Komanso zoti makodi atatu si zoona n'komwe. "Surrender" ya Cheap Trick, pa Heaven Tonight cha 1978, imakwera kiyi ndime yomaliza isanayambe, mwakachetechete moti ambiri amangomva kuti mtima wanyamuka osadziwa chawanyamula. Luso la anthu amenewa ndi kubisa ntchito yovuta kuti imveke yophweka, ndipo mphunzitsi amene amayeza nyimbo ndi kuchuluka kwa manotsi sangalione.

Vuto lina ndi nthawi. Zimbale zambiri za chambachi n'zazifupi, koma kumvera ziwiri motsatizana, foni ili chete, popanda wokuitana, ndi chinthu chimene munthu wogwira ntchito amachita kulimbirana. Nawo mapulogalamu omverera nyimbo amakonda kukusakanizira, chimbale chikangotha akuponyera nyimbo ina imene akuganiza kuti ikufanana nacho, ndipo kusiyana kumene umafuna kugwira kuja kwasungunuka. Ndimazimitsa zimenezo ndisanayambe.

Mmene ndimagawira zimbale zasintha. Ndimayamba ndafunsa chimene munthuyo amakonda kale, kenako ndimamupatsa chinthu chimodzi choti aike pambali pake, ndi malo amodzi oti amvetsere. Wina anandiuza kuti amakonda chimbale choyamba cha Weezer, cha 1994, chimene anajambulitsa Ric Ocasek wa The Cars. Ndinamupatsa Frosting on the Beater cha The Posies, cha 1993, n'kumuuza kuti asamale za magitala okhuthalawo chifukwa awazolowera kale, koma atsatire liwu lachiwiri, pamene Jon Auer ndi Ken Stringfellow akuimbira limodzi. Awiriwa ndi omwe analowa mu Big Star itayambiranso chaka chomwecho, ndiye akawakonda njira yobwerera ku Memphis yatseguka yokha. Wina ankadziwa Fountains of Wayne chifukwa cha "Stacy's Mom" yokha ndipo ankaiyesa bandi yanthabwala. Ndinamuuza kuti pa chimbale chomwecho, Welcome Interstate Managers cha 2003, apite pa "Hackensack", nyimbo ya munthu wotsalira kwawo akudikira wina amene anapita kukatchuka. Anabwera akufunsa kuti olemba ake ndi omwewo? Ndi omwewo, Chris Collingwood ndi Adam Schlesinger. Schlesingeryo anamwalira ndi COVID-19 mu 2020.

Pali zimbale zimene zikukana kulowa m'maganizo angawa, ndipo zikundisowetsa mtendere pang'ono. "Thirteen" ya pa #1 Record ndi magitala osalumikiza kumagetsi ndi mawu ofewa basi, palibe chikukoka mbali inayo, koma palibe wokonda power pop amene angaitulutse panja. Mwina imapeza mphamvu kuchokera ku nyimbo zaphokoso zoizungulira pa chimbalecho, kutanthauza kuti kukokanako kumachitika pa chimbale chonse osati mu nyimbo iliyonse. Mwina. Ndiye pali Get the Knack cha bandi ya The Knack, cha 1979. Mu "My Sharona" woimba sakunjenjemera ngakhale pang'ono, akudzikhulupirira mofanana ndi ng'oma zake, ndipo nyimboyo inakhala pa nambala wani ku America masabata 6 anthu akuitcha power pop. Ndinene kuti onsewo analakwitsa? Pena ndimafuna kutero, chifukwa chimbalecho sindichikonda kwenikweni, koma ndikuopa kuti ndikungopanga lamulo lotsekera kunja zimene sizindisangalatsa. Spilt Milk cha Jellyfish, cha 1993, nacho chili ndi zokongoletsa zambirimbiri moti sindikudziwa kuti chingwe ndichigwire pati, ndipo sindinapezebe chimbale choyenera kuika pambali pake. Wina anati Queen, wina anati Beach Boys. Ndiyesa Queen kaye, ngakhale ndikukayika ngati zindithandize kapena zingondisokoneza.