Njinga zathu za kabaza ndi msewu wa ku Kanengo

Bizinesi yathu inayamba ndi ngongole ya ku banki m'khonde. M'chaka cha 2014 bambo a kunyumba ntchito itawathera ku Kanengo, ndinatenga ndalama ku gulu lathu la amayi ku Area 25 n'kugula njinga yakapalasa yogwiritsidwa kale ntchito. Tinawotcherera kaliyala wolimba, ine n'kusoka khushoni ndi nsalu yotsala ya makatani, tinapachikanso kagalasi pa handulo. Mmawa wake munthu wamkulu, wa ana atatu, anakaima pa siteji pamodzi ndi anyamata. Manyazi analipo, koma kunyumba ufa unali utatha.

Patatha zaka zinayi njinga zinali zisanu ndi ziwiri. Bambowo anasiya kupalasa, anakhoma shedi pansi pa mtengo wa mango n'kumakonza njinga, zathu ndi za ena. Ine ndimasunga kope. Mnyamata amatenga njinga mmawa, madzulo amabweretsa tageti yomwe tinagwirizana, yotsalayo ndi yake. Kumata chubu ndi udindo wake, koma tayala, tcheni ndi masipoko ndi zathu. Masipoko ndiwo amatidya kwambiri, chifukwa mnyamata akauzidwa kuti thumba la makala likwere pamodzi ndi mwini wake sakana.

Kenako kunabwera njinga zamoto. Ma Lifo ndi ma SanLG anadzaza paliponse, ndipo makasitomala athu anathawira komweko. Sindiwanena: amene wachedwa ku ntchito safuna kumva kuti pachitunda atsike ayende pansi. Anyamata athu atatu anatisiya. Achimwene anga anandiuza kuti, "Achemwali, gulitsani zitsulozi mugule yamoto imodzi." Ndinakana. Yamoto imafuna kulembetsa, laisensi, inshuwalansi ndi zipewa ziwiri, ndipo ambiri amene ndinkawaona pa siteji analibe zonsezi. Mmodzi mwa anyamata atatu aja anakagona m'chipatala miyezi iwiri, mwendo uli ndi zitsulo.

Mu 2022 zinthu zinatembenuka. Mu Meyi chaka chimenecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndalama zakunja zinasowa, mafuta nawo anayamba kusowa. Mizere ya galimoto inkagona pa filing'i siteshoni, a njinga zamoto akukankha njinga zawo, ena akugula mafuta a m'zigubu pa mtengo woboola m'thumba. Mu Novembala 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti, ndipo bungwe loona za mitengo ya mafuta la MERA linakweza petulo kufika pa K2,530 pa lita. Minibasi zinakweza mitengo. Amayi ogulitsa tomato amene anatitaya aja anabwerera, ndipo kope langa linayambanso kudzaza. Sindikunena kuti ife sizinatikhudze, ayi. Tayala ndi chubu zimachokera kunja, nazonso zinakwera mowawa. Koma tayala umagula kamodzi pa miyezi ingapo, pomwe petulo ndi wa mmawa uliwonse. Mafuta a njinga yathu ndi nsima ya mnyamata.

Apa ndiye pamene ndimadabwa ndi mmene mizinda yathu imaganizidwira. Lilongwe wasintha, aliyense akuona: mlatho wodutsana wa ku Area 18, msewu wa mizere isanu ndi umodzi womwe tinkaudziwa kuti Kenyatta, M1 yokuzidwa kuchokera pa Crossroads kulowera ku Kanengo. Ndi zokongola ndithu. Koma imani pamphambano 6 koloko mmawa muwerenge anthu. Oyenda pansi, a panjinga ndi a m'minibasi ndiwo khamu. A galimoto zawozawo ndi ochepa, ambiri ali okhaokha m'galimotomo. Tsono mukapatuka pa misewu yatsopanoyo kulowa m'makwalala momwe ife timagwira ntchito, phula linadyeka m'mbali mpaka kusiya chiphompho chofika m'kakolo. Lole ikaliza hutala kumbuyo, mnyamata amasankha pakati pa loleyo ndi dzenje, kumbuyo atanyamula mwana wasukulu. Malimu awiri ndinataya m'mwezi umodzi wa dzinja chifukwa cha zimenezi.

Pa nkhani ya malo oimapo ndiye timangokhalira kusamutsidwa. Lero auza anyamata kuti pano musaime, mawa njinga yalandidwa, ndipo ine ndi amene ndimanyamuka ndi kope langa kukaiwombola. Malamulo sindikuwakana. Ndikufuna adziwike, alembedwe, asamasinthe malinga ndi amene wabwera tsikulo. Atipatse siteji yodziwika, wakabaza aliyense akhale ndi nambala pa chovala chake, m'mbali mwa msewu asiye kanjira ka njinga kotchingidwa ndi miyala kuti minibasi isamaimemo. Msonkho wa pa siteji yoteroyo ndingalipire osanyinyirika, bola risiti.

Pano tili ndi njinga khumi ndi imodzi. Ziwiri ndi za Buffalo, zodula koma kaliyala wake anapangidwa kuti azinyamula makilogalamu 100, ndiye tinazipatula kuti zizitenga makreti ndi matumba a ufa a m'maokala. Mnyamata wa mwendo wa zitsulo uja anabwerera. Kupalasa sangathenso, choncho amakhala pa shedi ndi bambo, ndipo pa kuwongola limu wawaposa kale aphunzitsi ake, ngakhale iwo savomera.