Sabata imodzi ndi ndimu ya zaka pafupifupi 400

Ntchito yanga ndi yoyeretsa ndi kukonza zithunzi zakale zojambula ndi utoto. Chithunzi cha sabata ino chinafika Lolemba m'bokosi lamatabwa. Chinali kathabwa ka mtengo wa oak kojambulidwa ku Haarlem, mzinda wa ku Netherlands, cha m'ma 1640: buledi, nsomba ya herring pambale, tambula yobiriwira ya vinyo ndi ndimu yosendedwa theka, khungu lake likulendewera pamphepete pa tebulo. Zithunzi zotere a Dutch amazitcha ontbijtje, kachakudya ka m'mawa. Vanishi anali atachita chikasu moti nsalu yoyera ya patebulo inkaoneka ngati yoviika mu tiyi.

Masiku awiri oyamba ndinangochotsa fumbi ndi mwaye. Osaseka, chida chake ndi thonje lokulunga pakamtengo, lonyowetsa ndi malovu anga. Malovu amasungunula litsiro osaluma utoto, ndipo anzanga ambiri pantchitoyi amatero. Mankhwala ochotsa vanishi ndinayamba Lachitatu, kachigawo kochepa ngati chikhadabo, kenaka n'kuyang'ana pa microscope.

Pakona ya kumanzere, pomwe ndinkayesa mthunzi chabe, panatuluka kapepala kopindidwa ngati ka mtedza, tsabola akutayikira pambale. Ndinasiya thonje n'kukhala kaye phee. Tsabolayu ankabwera pa zombo za VOC, kampani ya a Dutch yochita malonda ku Asia yomwe inakhazikitsidwa mu 1602, ndipo mpaka lero chinthu chokwera mtengo a Dutch amati peperduur, chodula ngati tsabola. Ndiye kachakudya ndinkakayesa ka munthu wamba kaja kanali kodzionetsera ndithu. Lachinayi ndinapita ku Rijksmuseum, nyumba yosungira zithunzi zakale ku Amsterdam, kukaima patsogolo pa chithunzi cha wojambula wa ku Haarlem, Pieter Claesz, cha mu 1627, chija cha chitumbuwa cha nkhukundembo, kuti ndione mmene iye anajambulira kapepala kotere.

Mwini chithunzi anabwera Lachisanu. Ndimu anaikonda, tsabola sanamulabadire. Maso ake anali pa masamba a mpesa omwe ali kuseri kwa tambula.

"Bwanji masambawa ali a buluu? Mwawawononga?"

Ndinamufotokozera kuti wojambulayo anapaka utoto wachikasu wochokera ku zomera pamwamba pa buluu kuti apeze kubiriwira, ndipo kuwala kunadya chikasucho kalekale. Vanishi wakuda uja ndiye ankabisa. Iye anati ndingowapakanso. Ndinakana. Ine ndimatseka pomwe utoto wagwa basi, ndi utoto woti wina adzathe kuuchotsa.

Anachoka atakwinya nkhope, koma anati ndipitirize. Nsombayo ndiyamba Lolemba.